Wakuba Khasu Sakhala Kalekeni

"Khasulo tilibise m'mapesi, mapazi aonekere pamchenga," anatero Ermelinda. Gulu lake linali litakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sikola ya ku Mualadzi.

Apulofesolo Bento anali atagawa kalasi m'magulu, kuti gulu lililonse likonze chodzaonetsa makolo tsiku lotsekera. Ena anasankha nyimbo za Chipwitikizi. Gulu la Ermelinda linapeka masewera a khasu lobedwa. Ana angapo adzakhala oganiziridwa, makolo adzawafunsa mafunso ndi kulondola mapazi mpaka agwire wakuba.

"Nanga wakubayo ndani?" anafunsa Marita, mnzake wa Ermelinda.

"Akhale munthu woti palibe angamuganizire," anayankha Ermelinda.

Apulofesolo anali atafika kumbuyo kwawo. "Mukuvutikiranji? Wakuba akhale Kalekeni. Bambo ake si aja anatengedwa ndi asipayi, apolisi a boma, pa mlandu wa mbuzi? Makolo sadzachedwa kumuloza."

Kalekeni, mnyamata wamtali wosakonda kuyankhula, anazolika mutu.

"Apulofesolo, akamuloza msanga ndiye kuti masewera afa," anatero Ermelinda. "Ndiponso amayi ake adzakhalapo. Adzamva anthu akukuwiza mwana wawo kuti mbava."

"Ndi masewera chabe."

"Ngati ndi masewera chabe, wakuba mukhale inuyo. Makasu a sikola ali kumunda kwanu, kumene timalima m'mawa uliwonse. Inu palibe angakuganizireni."

Marita anaseka, kenako anagwira pakamwa. Apulofesolo analowa m'kalasi nabwera ndi mbalamatodya, thabwa la mabowo lomenyera m'manja. Ermelinda anatambasula dzanja asanauzidwe. Anamumenya mpaka chikhatho chinafufuma.

"Wakuba ndani?"

"Si Kalekeni."

Anamumenyanso dzanja linalo. Misozi inalengeza, koma yankho silinasinthe.

"Chabwino. Gulu lanu silidzaonetsa kanthu," anatero apulofesolo akubwerera m'kalasi.

Poweruka Ermelinda, Marita ndi Kalekeni anayenda limodzi mumsewu wafumbi. Marita anati bwenzi atangoimba nyimbo ngati anzawo. Kalekeni anayankhula koyamba tsikulo.

"Ndikavomera mawa. Asakumenyenso chifukwa cha ine. Dzina la mbava ndinalizolowera kale."

"Ukavomera, ine sindidzakuyankhulanso," anatero Ermelinda. "Atiletsa pabwalo la sikola. Kodi kuchitsime nakonso n'kwawo?"

"Akamva?" anafunsa Marita.

"Amve. Manja akatupa amaphwa."

Anagwirizana za Lamlungu, anthu akaweruka kutchalitchi. Khasu anabwereka kwa amayi a Marita. Wakuba anakhala Ermelinda mwini, ndipo Kalekeni anamusankha kukhala wotsogolera makolo, wowauza poyambira ndi woti amufunse.

Lamlungu anthu anabwera ochepa poyamba, koma phokoso litamveka ena anasiya mitsuko n'kudzaima nawo. Amalume ena anapanikiza Marita ndi mafunso mpaka iye anaiwala bodza limene anakonza, anthu n'kufa nazo kuseka. Apulofesolo anadutsa pa njinga, anachepetsa liwiro, koma sanatsike.

Amene anazindikira wakuba anali amayi a Kalekeni. Anayang'ana mapazi pamchenga, anayang'ana phazi la mwana aliyense, kenako anapita kwa Ermelinda.

"Ndi uyu," anatero.

Anafuna kumugwira dzanja kuti amukokere pakati pa anthu, koma ataona zikhatho zija anaima kaye. Anamugwira pachigongono, mofatsa, ndipo sanamutaye mpaka anamufikitsa pakhomo pa kwawo kwa Ermelinda.