Mtanda Wofiira M'kope la Magdalena

Ndiye kuti kabuku kaja ndi kamene kanalakwa — ankadziuza choncho a Msampha kuyambira m'mamawa, akumanga zingwe za nsapato, akukhoma chitseko cha nyumba imene munalibenso wina wotsalamo — pajatu mabuku nawo amalembedwa ndi anthu, ndipo wotayipa akhoza kuika 60 pamene panayenera kukhala 20, chala chikangoterereka. Kanali kabuku ka mafunso a mayeso a Fomu 4 a zaka zam'mbuyo, mayankho ali kumapeto, ndipo anakapeza dzulo patebulo lawo mu ofesi ya aphunzitsi katatsegulidwa kale pa tsamba lomwelo, ngati kuti mphepo inadziwa potsegula. Funsolo ankalidziwa ngati Atate Athu: munda wa ngodya zinayi, m'litali mamita 80, njira yodula pakati kuchokera pangodya ina kukafika pa yoyang'anana nayo mamita 100, pezani m'lifupi mwake. Analiphunzitsa okha mu Febuluwale, mvula ikusokosa pamalata mpaka kuchita kukuwa, ndipo analemba pabolodi ndi dzanja losanjenjemera kuti sikweya ruti imadya sikweya iliyonse imene yaipeza pansi pake, ya x payokha, ya 80 payokha, n'kutsala x kuphatikiza 80 kufanana ndi 100. Choncho x ndi 20. Ana makumi anayi ndi awiri anakopera. Mmodzi sanakopere.

Lero linali Lachisanu, masamu akulembedwa Lolemba, ndipo mphepo ya Juni inkawaluma makutu pamene anafika pa munda wa tchalitchi, umene uli pakati pa nyumba yawo ndi sukulu. M'dzinja, chimanga chili chiimire, aliyense ankauzungulira, kutsata msewu wa ku Nsaru kenako n'kukhotera pa mtengo wa mthethe. Koma atakolola, mapesi atagwa, mapazi a anthu anatsegula njira yachidule yodula pakati penipeni, yoyera ngati chingwe. Iwo anali ataidutsa milungu itatu osaganiza kanthu. Lero anaima pangodya, chifukwa mtima unawafunsa chinthu chimene sanafune kufunsidwa: ngati njira yapakati ili mbali ziwiri zija kuziphatikiza, monga analembera pabolodi, nanga amayi a ndowa pamutu amadulira chiyani, nanga a njinga za makala, nanga mbuzi, mbuzi imene sinalowepo m'kalasi?

Anayamba kuwerenga mapazi. Anatsata msewu, milomo ikugwedera, mapazi 112 mpaka pa mthethe. Anakhota, 87 mpaka pangodya ya kusukulu. Kenako anabwerera chodula pakati, akutalikitsa phazi pang'ono, n'kudzigwira okha kuti akubera, n'kulifupikitsanso — kodi akufuna nambala ikule kapena ichepe, iwo eni sankadziwanso — ndipo anafika pomwe anayambira ali pa 142. Osati 199. Mayi wina wosenza mbatata anaima pambali kuwapatsa njira.

"Mwataya chiyani, aphunzitsi?"

"Palibe."

Anadutsanso kachitatu, tsopano kupita kusukulu, osawerenga, koma miyendo inkawerenga yokha.

Amene sanakopere uja anali Magdalena, mwana wa matenanti ochokera ku Phalombe, amene ankayenda kuchokera ku esiteti ya fodya kuseri kwa dambo, n'kufika m'kalasi zala zili bii ndi phula la masamba. Tsiku lija anaimika mkono, osati m'mwamba kwambiri, n'kunena kuti iye wapeza 60. A Msampha sanawerenge njira yake — apa ndi pamene maganizo ankabwerera, kuchoka n'kubwereranso ngati lilime pa dzino lobowoka — sanawerenge ngakhale mzere umodzi, anangoona nambala yosiyana ndi yawo, n'kulemba mtanda wofiira mwamphamvu mpaka pepala linang'ambika, n'kunena kuti wodziwa kuposa mphunzitsi abwere atenge choko. Kalasi inaseka. Anyamata akumbuyo anamutcha Anasikisite, potengera 60 wake uja, dzina n'kukhala mpaka lero, ndipo mkono uja sunaimenso. Chikhalirecho bambo ake anali atabwera kusukulu mu Januwale, chipewa chili m'manja, kudzanena motsitsa mawu kuti fodya akagulitsidwa banja lisamuka, kuti kumudzi kuli munthu amene wayamba kale kufunsa za mtsikanayo, koma iwo akumuzengereza mpaka zotsatira zituluke, popeza mwanayo akufuna za unamwino ndipo anamva kuti kumeneko masamu ndiye chitseko. A Msampha anawayankha kuti asadandaule, mwanayo ali m'manja abwino. Anatero ndithu. M'manja abwino.

Ndipo silinali funso limodzi ayi, ndicho anachikumbukira polowa pachipata. Lamulo lija analibwereza mu Malichi pa makwerero otsamira khoma, mu Epulo pa chingwe cha mlongoti, paliponse pamene sikweya ruti yaphimba zinthu ziwiri. Mayeso oyeserera anawakonza okha, n'kuwachonga okha, ana n'kukhoza bwino, ahedi n'kuwayamika pamaso pa makolo. Zaka makumi awiri ndi zinayi anaphunzitsa Sitandade 5 popanda wowatola chifukwa, ndipo pamene mphunzitsi wa masamu anathawira m'tauni, ahedi a sekondale yoyenderayi n'kuwapempha kuti agwirizire popeza ndi munthu wosamala, iwo sananene kuti masamu awo anathera pa Fomu 4 yawo yomwe, kalekale, ndiponso movutikira. Anangovomera ndi mutu. Ankaphunzira mutu uliwonse tsiku limodzi patsogolo pa ana, ndipo pamene buku silinafotokoze, ankadzaza okha ndi zimene zinkaoneka zomveka.

Mu ofesi anapeza a Gilbert, mphunzitsi wa sayansi, mnyamata wa dipuloma amene ankawapatsa moni ndi manja awiri. A Gilbert anawadzutsa monga mwa masiku onse, n'kuwonjeza, maso ali pa makope awo, kuti kabuku kaja anakabwereka kwa mnzawo wa ku Namitete, anati mwina kangathandize pobwereza. Basi. Sananene za tsamba. Kodi kanatseguka kokha, poti mabuku akale amatseguka pamene anapindidwa kwambiri, kapena mnyamatayu anaona makope a ana, n'kudziwa, n'kusankha njira yaulemu yophera munthu wamkulu popanda magazi — ndipo ngati akudziwa, ndani winanso, ahedi kodi, amene m'mawa uno anawagwira dzanja nthawi yaitali kuposa kale, kapena sinali yaitali, kapena iwo ndi amene anachedwa kulibweza? Anakhala pansi, natenga pepala, nachita funsolo monga mwana uja ayenera kuti anachitira: 100 kuchulukitsa ndi 100, kuchotsapo 80 kuchulukitsa ndi 80, kutsala 3600. Sikweya ruti yake anaidziwa asanailembe. Anapinda pepalalo kanayi n'kuliika m'thumba la malaya, pamene linayamba kuwatentha ngati khala.

Malemu akazi awo, Elizabeti, ankati iwo akanena kuti mwala ndi mbatata amaudya ndithu, mano aphwanyike. Ankanena akuseka, akuwathira madzi m'manja, ndipo iwo ankakondwa nako kunenedwako ngati ndi ulemu. Mpaka chaka chija pamene mayiyo anadandaula mutu ndi khosi, iwo n'kunena kuti ndi malungo, n'kukagula mapiritsi pagolosale. Tsiku lachiwiri, malungo. Lachitatu, mlamu wawo atanena za chipatala, anati mankhwala sagwira tsiku limodzi. Lachinayi anapita pangolo. Namwino anafunsa kuti munachedweranji, bambo, ndipo iwo anayang'ana khoma. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, ndipo yankho la funso limenelo silinatuluke pakamwa pawo, ngakhale kwa abambo mfumu pokalapa, kumene ankatchula zina zing'onozing'ono, kupsa mtima, kujomba Misa.

Akhoza kungokhala chete. Mwina funso lotero silibwera Lolemba. Likabwera, zotsatira zimatuluka patapita miyezi, ndipo ana a sukulu yopanda mabuku akalephera masamu palibe amadabwa, amati ndi mmene zimakhalira kumudzi. Magdalena adzakhala ali ku Phalombe, kutali, kwa munthu uja. Kapena akhoza kunena kuti pali njira yachiwiri imene ochonga amaikonda — koma njira ziwiri zingafike bwanji pa 20 ndi pa 60, anawo si mbuzi, ndipo ngakhale mbuzi imadziwa njira yachidule. Kapena kuima n'kunena mawu amodzi okha aja, akuti ndinalakwa, pamaso pa ana amene amawaona akuwerenga Mawu kutchalitchi Lamulungu, ana amene pofika madzulo adzakhala atawafikitsa pamsika wa Nsaru, kuti aphunzitsi Msampha anatinamiza chaka chonse. Ndipo akanena lero, kwatsala masiku awiri, kodi anawo adzakhulupiriranso chiyani mwa zonse zimene anawaphunzitsa, zoona zomwe, sadzalowa m'mayeso mitu ili balala? Ganizo limeneli analigwira mwamphamvu chifukwa linkaoneka ngati chifundo, kenako analizindikira kuti ndi lomwe lija la malungo, langosintha malaya.

Belu la phunziro lomaliza linawapeza ataganiza china: amuitana mwanayo. Alembe yekha 60 wake pabolodi, iwo angogwedeza mutu n'kunena kuti onani bwino njira iyi, choonadi chilowe m'kalasi popanda kudzera pakamwa pawo. Analemba funsolo, najambula mundawo ndi njira yake yapakati, choko chikulira. Ana anali phee, atavala majuzi, maso ofiira ndi kuwerenga.

"Magdalena. Bwera."

Wina kumbuyo ananong'ona dzina lija, ena n'kuseka chamumtima. Mtsikanayo anadzuka, nalandira choko, nalemba sikweya ruti, pansi pake x ndi 80 ndi masikweya ake, zilembo zazing'ono zoongoka. Kenako dzanja linaima m'mwamba. A Msampha anamva pepala lija m'thumba, mumtima akuti lemba mwanawe, lemba zako zija, ndipo pazenera ankaona anthu akudula m'munda wa tchalitchi, mmodzi, wina, wanjinga, onse pa chingwe choyera chija. Dzanja linatsika. x kuphatikiza 80. Kufanana ndi 100. Linalemba 20, n'kudula mizere iwiri kunsi kwake monga iwo ankafunira, ndipo kalasi inayamba kuwomba m'manja katatu katatu.

Mtsikanayo anatembenuka, napinda mawondo pang'ono, nawapatsira choko ndi manja awiri.

"Ndakhoza, aphunzitsi?"

A Msampha anafufuza m'mawumo chipongwe, anachifunitsitsa, chikanawapepukira. Anafufuza m'maso mwake mtsikana wa mu Febuluwale uja, woti akudziwa koma akungowasungira ulemu. Munalibe. Munali kudikira kokha, kwa mwana amene anaphunzira bwino zimene anauzidwa. M'manja munasiya kuwombedwa, mipando inaleka kulira, ndipo choko chinali chikhalire pa zikhatho ziwiri zija, choyera pakati pa mizere yakuda ya fodya, chikuwadikira.