Madzi Oyera a Lachinayi

Mtsinje umene Kettie Pemphani ankathirira dimba lake, kumunsi kwa Chinsapo, unkayenda wotuwa ngati madzi otsukira mpunga. Zinayamba pamene kumtunda anatsegula fakitale yonyika mapepala akale n'kupanga mathireyi a mazira. Phala la mapepala linkamata pamizu ya mpiru, masamba n'kumachita chikasu asanakule. Dimba limeneli ndilo linkadyetsa ana ake, ndipo linkafa iye akuona. Anakadandaula ku ofesi yoona za chilengedwe, kumene anamuuza kuti adzabwera kudzaona okha. Tsiku sanatchule.

Lachitatu lina madzulo kunatulukira Eva, mnansi wake, mkazi wa Malizani wogwira ntchito kufakitaleko. Eva ameneyu ndi munthu woti ngakhale mchere wa pasupuni amakupatsa akuusa moyo, koma tsikulo ankayenda khomo ndi khomo, mano onse ali panja.

"Mawa madzi akhala bho, asisi. Tulutsani mabulangete tikachape. Sopo ndi uyu."

Kettie anamutembenuza sopoyo m'manja, mpaka kumununkhiza. "Za madzi a mawa mwazidziwa bwanji? Mwayamba ulosi?"

"Makina awonongeka basi. Anena ndi bambo a kunyumba."

Mtima wa Kettie unakana. Koma mabulangete anali atatha nyengo yonse yozizira osalawa madzi, ndipo pampopi ndowa imodzi umaidikirira mpaka miyendo kuwawa. Anaganiza zopita, koma maso ali tcheru.

M'mawa mwake mtsinje unalidi mbee, mchenga kuoneka pansi. Amayi anadzaza pamiyala, thovu ponseponse, nyimbo ndi miseche zili mkati. Kettie anayamba wathirira mpiru wake mwadyera mpaka mabedi kusefukira, kenako analowa m'madzi n'kuyamba kuponda bulangete. Tisamubisire, tcheru chija chinapita ndi thovu. Anasangalala mpaka anayimba nawo.

Dzuwa litakwera, galimoto inaima pamlatho. Munatuluka mayi wovala jombo atanyamula mabotolo, ndipo pambuyo pake pankabwera bwana wa fakitale, manja kumbuyo, nkhope yofatsa ngati mkulu wa mpingo.

"Ndine Mayi Asani, ndachokera ku zachilengedwe," anatero mlendoyo. "Anadandaula za mtsinje uno ndani?"

Kettie anatuluka m'madzi thovu lili m'mawondo. "Ndine, amayi. Madziwa sakhala chonchi ayi. Masiku onse amakhala otuwa, onunkha. Lero lokha ndiye..."

Mayi Asani anayang'ana madzi, kenako chigulu cha amayi chija, kenako mabedi onyowa a m'dimba. Bwana sanatsutse n'komwe. Anangolankhula mwaulemu.

"Mwadzionera nokha, madamu. Anthu angachape zofunda za ana awo m'madzi oipa?"

"Nanga inuyo, mayi, si mukuchapa momwemu?" anafunsa Mayi Asani. Sichinali chipongwe, ankangofuna kumva.

Kettie anayang'ana thovu la m'mawondo mwake. Anacheukira anzake kuti wina amuikire umboni. Onse anali maso pansi, aliyense ali ndi sopo wa mtundu umodzimodzi m'manja. Munthu woti walandira mphatso dzulo, lero angayambe bwanji kuneneza anthu pamaso pa mlendo? Apo ndi pamene anazindikira kuti sanawaitane kudzachapa, anawaitana kudzaonetsedwa. Manyazi anamugwira kuposa mkwiyo, poti mboni yaikulu ya fakitale anali iye mwini.

Mayi Asani anatunga madzi m'mabotolo aja, anajambula zithunzi, nalonjeza kuti zotsatira adzazimva. Galimoto itakhota, Kettie anadutsa pamiyala mpaka pamene panali Eva.

"Munkadziwa kuti akubwera lero?"

Eva sanadzutse mutu. Anapitiriza kufinya chitenje chake mofulumira.

"Tsukuluzani msanga, asisi. Paipi ya madzi oipa aitsegula ikamakwana thwelofu."