Mpata Wolowa Ulusi

"Nsanamirayo musazule, alamu. Chozikidwa m'dothi n'cha eni dothi."

Yesaya anatsitsa khasu pang'onopang'ono. Anali atakumba kale mbali imodzi ya nsanamira ya tsanya imene inaima kuseri kwa nyumba yake ku Maganga. Wolankhulayo anali Samueli, mlongo wake wa malemu Dailes, mkazi wa Yesaya.

"Ndinaizika ndine mu Meyi 1938," anatero Yesaya.

"Nanga ndakana? Mango awonso munabzala ndinu. Muwasenza kupita nawo kwanu ku Chitala?" Samueli anaseka yekha. "Mawa m'mawa tikumane pakhonde pa Rute. Tikusudzulani mwaulemu, palibe wokuthamangitsani. Koma munthu maso akatha amagwiridwa ndodo ndi mbumba yake, osati ya eni."

Atatero anamanga m'khosi jekete yake, chifukwa mwera unali kuwomba, n'kumapita.

Linali Lachisanu, pa 19 Julayi 1957. Dailes anamwalira pa 2 Ogasiti chaka cham'mbuyo. Yesaya anali mkamwini pamudzipo kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo tsopano nthawi inali itakwana yoti abale a mkazi am'masule abwerere kwawo. Mkamwini wokalamba, wokhala bwino ndi anthu, ankatha kumulola kutsala, ndipo mwana wake Rute anali atapempha kale zimenezo. Koma mawu amene anawononga nkhani anatuluka pakamwa pa Yesaya mwini. Mu Juni anauza Rute kuti, "Maso anga atha." Rute analira, kulirako kunafika kwa atsibweni ake, ndipo Samueli, amene diso lake linali kale pa dimba la mpunga la Dailes, sanafunenso umboni wina.

Ku Chitala alongo ake a Yesaya onse awiri anali atamwalira. Kunatsala ana awo, amene ankamudziwa dzina lokha. Kuno manda a Dailes anali mapazi mazana anayi kuchokera pakhomo. Yesaya anali atawawerenga.

Kuwerenga ndiyo inali ntchito yake kale. Njanji ikubwera ku Salima iye ankakoka tcheni cha mzungu wina woyeza malo. Mzunguyo pobwerera kwawo mu 1938 anamusiyira telesikopu yamkuwa, yaitali ngati mkono ndi theka, galasi lake la mainchesi awiri. Anamulozeranso nyenyezi imodzi: mwa ziwiri zowala zimene zimaloza Mtanda wa Kummwera, yowala kwambiriyo. "Ndi maso ndi imodzi," anatero, "koma m'galasi ndi ziwiri." Sananene china.

Anthu a pamudzi anaitcha telesikopuyo mfuti ya a Yesaya, mfuti yosapha ngakhale njiwa. Anasuzumiramo sabata yoyamba, n'kutopa nayo. Amene sanatope anali Dailes. Chaka chilichonse nyengo yozizira, akangotsuka mbale, ankabwera pansanamira atafunda nsalu, n'kutsinzina diso limodzi. Kulemba sankadziwa, koma anali wosoka, ndipo mpata wa pakati pa nyenyezi ziwirizo ankauyeza ndi zinthu za m'dengu lake. Iye ankanena, Yesaya ankalemba m'kope: tsiku, mwezi, chaka, ndi mawu a Dailes monga anatulukira.

Chimwalirireni Dailes, telesikopu inakhala pansi pa kama miyezi khumi. Pa 8 Juni Yesaya anaitulutsa, naloza nyenyezi ija. Inali imodzi. Anapukuta galasi ndi kansalu kofewa. Imodzi. Anayesanso pa 9 ndi pa 10. Tsiku lachitatulo anavundikira galasi, nalowa m'nyumba osalemba kanthu. Bambo ake anachita ng'ala ali ndi zaka ngati zake zomwezi, ndipo iye ankakumbukira bwino mmene ankawatsogolera kuthengo ndi ndodo. Munthu amene moyo wake wonse ankayeza chinthu kawiri asanachikhulupirire, ulendo uno sanaloze nyenyezi ina iliyonse. Sanaitanenso munthu kuti adzaone. Nyenyeziyo inali ya anthu awiri, ndipo winayo kunalibe.

Ankakwirira dzenje lija pamene anamva odi. Anali Musa, msodzi wa kugombe, amene kwa zaka zambiri ankabweretsa chambo kwa Dailes posinthana ndi kusokeredwa mikanjo. Yesaya anali atam'tumizira uthenga.

"Salamu, a Yesaya. Ndamva kuti mukugawa chuma musanafe."

"Khalani pampandopo, Che Musa. Mfuti ija ndikupatsani. Muzionera mabwato anu ali patali. Ine yandithera ntchito."

Anaimangirira pamphanda ya pamwamba pa nsanamira, naloza kunjira ya kuchitsime. Musa anavula kofiya, nawerama. Sanachedwe kudzuka.

"Subuhana! Mayi uja akuyenda chadodolido, ndowa ili pansi, miyendo m'mwamba, madzi osatayika!"

"Imaonetsa choncho. Nyenyezi ilibe mutu ndi miyendo, ndiye sizivuta."

"Bwato lili nazo. Mukufuna ndizikhala pagombe n'kumaona ana anga atagubuduzika tsiku lililonse? Mtima wanga ndi umodzi, achimwene. Mphatso yanuyi musunge."

Yesaya anamwetulira pang'ono, koyamba pa masiku ambiri. Rute anawabweretsera mbatata yootcha kuchokera kunyumba kwake, napereka moni atagwada, maso ali ofiira, n'kubwerera. Dzuwa litalowa Musa anapempha madzi, nakaswali kuseri kwa nkhokwe. Pobwera anapeza mnzake atakhala pamalo omwewo, akuyang'ana kummwera. Mwera unali utaleka. Mwezi kunalibe.

"Zimene akunena za maso anu n'zoona?" anafunsa Musa.

"N'zoona."

"Nanga mbatata ija mwaisenda bwanji osasiya khungu?"

"Mbatata ndi mbatata. Ine ndili ndi muyeso wanga." Analoza ndi chala. "Mukuiona iyo yowala kwambiri?"

"Ndisaidziwe ine? Ndi imene imatibweza kunyumba tikachokera kumpoto."

"Ndi ziwiri. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuziona ziwiri. Chaka chino ndikuona imodzi."

Musa anatambasula dzanja. "Tandilozereni ndione. Diso langali limaona chigulu cha usipa anzanga akuti ndi mafunde."

Yesaya anazengereza. Palibe munthu wina amene anayang'anapo nyenyezi imeneyo pansanamirapo chiyambire 1938, kupatula iye ndi Dailes. Komabe anaimirira, nasintha kagalasi ka kudiso n'kuikapo kokulitsa kwambiri, nasaka mpaka nyenyezi inalowa pakati. Anapatuka.

Musa anayang'ana nthawi yaitali. Anasintha diso. Anapukuta misozi ya mphepo n'kuyang'ananso.

"Imodzi."

"Dekhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndadekha mpaka msana wauma. Walahi ndi imodzi. Yotalikirapo pang'ono ngati dzira la nkhunda, koma imodzi. Kapena tonse awiri tikagwiridwe ndodo ku Chitala."

Yesaya anagwira telesikopu naitembenuzira kumanja, kwa nyenyezi ya patsinde pa Mtanda, imene iye ndi Dailes anaitulukira okha mu 1940 kuti nayonso ndi ziwiri. Anaiphonya kawiri. Kachitatu inalowa. Timadontho tiwiri toyera, tofanana, tili phee, ndi kamzere kakuda pakati pake, kopyapyala koma koonekeratu.

"Onani iyi, Che Musa. Musandiuze zondisangalatsa."

"Eya! Izi ndiye ziwiri. Mapasa. Inu mwaziona?"

"Ndaziona."

"Ndiye wakhungu wake uti?" Musa anawomba m'manja, koma atayang'ana nkhope ya mnzake anasiya kuseka. Anatsitsa mawu. "Nanga inayo yapita kuti? Kapena pamene mayi aja anatisiya..."

"Ayi," anatero Yesaya msanga. Ganizo limenelo linali litamugonera pamtima masabata asanu ndi limodzi, ndipo ankachita nalo manyazi kuposa khungu. Analowa m'nyumba, natuluka ndi nyali ndi kope lija. Sanalitsegule chimwalirireni Dailes. Anayamba patsamba loyamba, akuwerenga mokweza, monga ankawerengera manambala a tcheni.

"Pa 14 Meyi 1938. Akuti, palowa ulusi. Pa 3 Juni 1943. Akuti, palowa singano. Pa 20 Juni 1949, chaka cha njala. Akuti, palowa zingano wosokera matumba, koma tiyeni tikagone, njala imakula ukaima." Anatembenuza masamba. "1953, singano. 1955, singano yaing'ono ya mikanda. Pa 16 Juni 1956. Akuti, ulusi, koma wonyowetsa ndi malovu."

Chaka ndi chaka ankalemba mzere umodzi kapena iwiri n'kutseka kope. Sanawerengepo mizere yonse motsatana. Tsopano inali pamaso pake ngati mapazi a munthu pamchenga: mpata unayamba wochepa, unakula zaka khumi ndi chimodzi, kenaka unayamba kubwerera. Dailes anauona ukutsekeka, ndipo ananena, chaka ndi chaka. Yesaya analemba osamva.

"Sinapite kulikonse," anatero. "Zikuyenda. Zayandikana mpaka galasi langali lalephera kuzilekanitsa."

"Zidzalekananso?"

"Mu 1938 mpata unali wochepa, unatseguka. Sindikudziwa chaka chake. Pafunika munthu woyang'ana."

Musa anavala kofiya yake. "Inshala mudzandiuza. Ine ndikapalase, makoka sadikira nyenyezi. Koma mawa mukauze alamu anu kuti ndodo ija adzisemere okha."

M'mawa mwake anthu asanu ndi awiri anakhala pakhonde pa Rute. Samueli analankhula bwino, monga mwambo ufunira. Anathokoza Yesaya chifukwa chosunga mlongo wake mpaka kumuika, nanena kuti kuyambira tsikulo ndi mfulu, palibe mlandu pakati pawo, njira ya ku Chitala ndi yotseguka.

"Ndamva, alamu, ndipo ndathokoza," anatero Yesaya. "Koma pali mawu amene ndinalakwitsa mu Juni. Maso anga ali bwino. Ndinayeza kamodzi, posayenera."

"Aa! Dzana akhungu, lero openya? Mwapita kwa sing'anga uti usiku umodzi?"

Yesaya sanafotokoze za nyenyezi. Ankadziwa kuti angoseka. Anapempha Rute singano ndi ulusi wa m'dengu la mayi ake. Ananyowetsa nsonga ndi malovu, nalowetsa kamodzi kokha, n'kupereka kwa Samueli. Azimayi awiri anabisa pakamwa ndi nsalu.

"Atsibweni," anatero Rute, "abambo sakhala katundu wa munthu. Ndiwaphikira ndine."

Samueli anatembenuza singanoyo m'zala zake. Sanali munthu woipa mtima, koma anali ndi ana aakazi atatu ofuna minda. "Mlendo ndi mame, alamu. Dimba lija ndi la mbumba yathu. Mpunga wa chaka chamawa ndalonjeza kale ana."

"Tengani dimba. Tengani ndi mango. Ine ndikupempha nyumba, kamunda ka chinangwa kakuseriko, ndi nsanamira."

"Nsanamira?" Samueli anayang'ana anzake. "Dimba lodzaza nkhokwe mukulisiya chifukwa cha chipika?"

"Munanena nokha kuti sichizulidwa."

Anakambirana pang'ono chapansipansi, ndipo anavomera. Dimba limene Yesaya analima zaka makumi atatu linachoka m'manja mwake dzuwa lisanafike pamutu. Masana anaona ana a Samueli akupita kukalizungulira ndi makasu.

Madzulo Rute anabweretsa chakudya, nakhala pang'ono, kenaka mwana wake analira ndipo anabwerera kwake. Yesaya anatsendera dothi kuzungulira nsanamira ndi chidendene mpaka inaleka kugwedera. Anamangirira telesikopu. Kumanzere kwake, pamene pankaima Dailes, udzu unali utamera; anauyang'ana, nausiya.

Nyenyezi inalowa pakati pa galasi, yowala, yotalikirapo pang'ono. Anaiyang'ana mpaka inatuluka m'mphepete, naibwezanso, katatu. Atatero anayatsa nyali, nalemba pansi pa mzere wotsiriza wa Dailes: "Pa 20 Julayi 1957. Ulusi sulowa. Ziwiri zilipo, zikuoneka imodzi. Woona, Yesaya yekha."

Anadumpha mzere umodzi. Patsinde pake analemba "1958", nasiya mpata.