Tsiku Limene Anathena Chidede Changa

Mbewu yake anandipatsa ndi mayi Rahila, aja a golosale pa Kaluluma. Anayamba andimwetsa kaye chakumwa chake, chofiira psuu, chowawasa mokoma, ndipo ine mtima unagwa pomwepo.

"Ndi chidede chimenechi, mayi Lefina," anatero. "Duwa likafota pamatsala kachipatso kofiira. Timawiritsa komweko."

Ndinadzala mizere inayi kuseri kwa khitchini mvula itangoyamba. Tsono ine pakamwa sipandikhalira. Ndinalengeza pamaso pa amayi onse a Chigwirizano kuti pa chinkhoswe cha mwana wanga Gladness, mu Juni, palibe adzamwe za m'botolo, aliyense adzamwa za m'dimba langa. Mayi Fainess, amene sanayamikirepo kanthu chibadwire, anangoti, "Tidzaona."

Amuna anga, a Amosi, analima fodya zaka makumi atatu mpaka msana unakana. Chaka chimenecho chinali choyamba kukhala opanda nazale, ndipo ankangozungulira pakhomo kusowa chogwira.

Mu Malichi chidede chinafika m'chiuno, nsonga zitayamba kuonetsa timaluwa. Tsiku lina pochokera kuchigayo ndinawapeza m'dimba akuimba nyimbo ya kutchalitchi, nkhope ili mwee. Pansi ponse panali nsonga zodulidwa.

"Bambo a Gladness, mwatani?"

"Ndakuthenerani," anayankha monyadira. "Mbewu ukailekerera ichite maluwa, tsamba limaonda. Zimenezi n'kuchita kukuuzani?"

"Tsamba lake liti? Ndani wakuuzani kuti tikupita nacho ku okushoni? Ine ndikufuna maluwa omwewo!"

Ndinakhala pansi pamzere n'kulira ngati mwana. Ndinaona kale chinkhoswe cha mwana wanga chili ndi madzi a pamjigo, mayi Fainess akuseka chakumbali. Bambowo anatola nsonga imodzi n'kumaitembenuza, ngati pali njira yoibwezera. Anandimvetsa chisoni, komabe sabata yonseyo tiyi anamwa wopanda shuga.

Patapita masabata awiri, paliponse pamene anadula panatuluka nthambi, pena zinayi, pena zisanu. Ndinawapeza ataima pampanda, akuyang'anitsitsa.

"Amayi, pa fodyatu mphukira zoterezi timachotsa," anayamba motsitsa mawu.

"Mungokhudza imodzi, mukagona kuchigafa!"

Anapinda manja kumbuyo. M'mawa uliwonse ankabwera kudzaima pomwepo, zala zikuwayabwa, koma sanakhudze.

Pofika mu Meyi dimba lonse linafiira. Nthambi iliyonse inachita maluwa ake, zipatso zitaphathana mpaka mitengo kuwerama. Mtengo umodzi wokha wa pakona, umene anauiwala tsiku lothena, unangotalika ngati nsungwi, zipatso zake zosadzaza ndi mbale yomwe. Ndinauona, iwonso anauona.

Kuyanika anandilanda. Anasesa chigafa chija ankaumitsiramo fodya, n'kuyala mphasa, n'kumasankha chidede ngati akukonzekera msika: chofiira kwambiri pachokha, chotuwa pachokha. Ndinawasiya, poti pamenepo sakanaononga kanthu.

Tsiku la chinkhoswe ndinawiritsa zidebe zisanu, ndi shuga ndi jinja pang'ono. Ana anayenda milomo ili psuu. Mayi Fainess anamwa makapu atatu, kenako anandikokera pambali kupempha mbewu, akuti ndi ya mng'ono wawo. Gladness anandikumbatira mpaka kunditayira chakumwa pachitenje chatsopano, ine osadandaula.

Anthu atakhuta, amayi ake a mkamwini wathu Benjamin anafunsa mokweza, aliyense akumva.

"Asewere, kwathu ku Lisasadzi chidede chimangotalika, osabereka chonchi. Inu munachitani?"

Ndinayang'ana a Amosi. Anali atazolika, akuseweretsa kapu, kudikira kuti ndiwaulule pagulu kuti anthu aseke.

"Ine ndinangodzala," ndinatero. "Za kasamalidwe funsani alimi awo."

Anadzutsa mutu pang'onopang'ono, maso atalengeza misozi. Kenako anakonza jekete, n'kutsokomola, n'kupempha kuti wina awabweretsere nthambi imodzi kuti aonetse podula.