Galimoto ya Malemu Rejoice

Ntchito za Lachinayi zinali izi: kutolera makapu amene anthu a dzulo anasiya pansi pa mipando, kuchapa zitenje zimene amayi anafunda pabalaza, kuviika nyemba, kudula nkhuku, kusankha mpunga, ndi kusambitsa mwana, Felesta, asanayambe kulira. Tithokoze anazigwira motsatana. Panali ntchito inanso imene sanauze aliyense.

Maliro anali a mlamu wake Rejoice, mlongo wa mwamuna wake Lamson. Analowa m'chipatala kukachitidwa opaleshoni imene mwini wake ankati ndi yaing'ono, koma mtima sunapirire. Thupi linali kosungira mitembo, kudikira mapepala a ndege ya ku Lilongwe, ndipo nyumba ya Lamson ku Joondalup, mumzinda wa Perth, ndiyo inasanduka siwa. Anthu ankafika akaweruka, ena ali m'yunifolomu, kuimba nyimbo zingapo, kumwa tiyi, n'kuthamangira sitima.

Katundu wa malemu anamusonkhanitsa m'galaja: masutikesi, makatoni a mabuku, ndi galimoto yake yaing'ono yoyera imene anaisiya pakhomopo tsiku lopita kuchipatala. Mayi Msaiwale, mkulu wa amayi a mvano amene ankayendetsa zapamaliropo, ananeneratu kuti palibe chokhudzidwa mpaka munthu ataikidwa m'manda ndipo akuluakulu a kumudzi atanena za kagawidwe. Makiyi anawapachika pa msomali pafupi ndi firiji.

Mabukuwo Tithokoze ankangowadziwa kulemera kwake. Iye sukulu anasiyira Fomu 2 bambo ake atamwalira. Rejoice ankachita kafukufuku ku yunivesite, pa nkhani zimene akazi ankalemba zaka zana zapitazo. Tsiku lina Tithokoze anatola limodzi patebulo kuti apukute pansi pake.

"Alamu, umu mukuchitika chiyani?"

"Mayi wina akuyenda yekha mumzinda, akuganiza."

"Kenako?"

"Akubwerera kwawo."

"Basi? Masamba onsewa?"

"Nthawi imeneyo mkazi kuyenda yekha, kiyi wa chitseko chake ali m'thumba, maganizo ake osawanena kwa munthu, inali nkhani yaikulu."

"Nanga akamayendayendapo, ana ake ali ndi ndani?"

Rejoice anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe mabuku asiye. Lamlungu ndikuphunzitsa galimoto."

Anamuphunzitsadi. Akaweruka ku tchalitchi ankapita mpaka ku Canning Vale, m'misewu ya mafakitale imene Lamlungu imakhala zii. Ku msika waukulu wa masamba ndi zipatso kumeneko mabwana anali atamulonjeza Tithokoze ntchito yolongedza, koma shifiti imayamba mabasi asanadzuke, ndipo wopanda laisensi samulemba. Mayeso a laisensiwo Rejoice anawalembetsa kalekale. Anagwera Lachinayi lomweli. Kuwaphonya kunali kudikira miyezi, ntchito itapita kwa wina.

Dzuwa litakwera kunafika Mwamba, mtsikana wa ku Zambia amene ankaphunzira ndi malemu. Anagwada kupereka moni kwa amayi pabalaza, kenako analowa kukhitchini.

"Titho, wakonzeka? Ba Rejoice bananiuza ati nikupeleke, pakuti beve bazankala bakali mu chipatala. Manje nabwela."

Tithokoze anapukuta manja pa chitenje, n'kuchotsa makiyi pa msomali. Anayesa kuwafumbata, koma makiyiwo anachita phokoso.

"Mayi a Felesta," anatero Mayi Msaiwale ali pampando wawo, "makiyi amenewo akupita kuti?"

Tithokoze anapita kukagwada pafupi nawo n'kufotokoza. Sanawonjezere, sanachotsere. Amayi ena anasiya kucheza. Wina anakaitana Lamson kuseri kwa nyumba, komwe ankayankha mafoni a kumudzi.

"Mayeso?" anatero Lamson atamva. Maso ake anali ofiira, ndevu zosameta. "Lero? Mlongo wanga ali mufiriji, inu mukuganiza za mayeso?"

"Analembetsa ndi iwowo."

"Anthu akusonkha kuti thupi lipite kumudzi. Akuoneni mukuzungulira tauni ndi galimoto ya malemu, adzati chiyani?"

"Nyemba ndaviika, nkhuku ndadula, mpunga ndasankha. Ndibwera anthu asanaweruke."

"Mwana wanga, nkhani si ya mpunga," anatero Mayi Msaiwale, ndipo mawu awo sanali aukali. "Chinthu cha womwalira chimakhalabe chake mpaka atagona. Ukakachita nayo ngozi, ife tikanena chiyani kwa apongozi ako? Bwanji osatenga ya amuna ako?"

"Ya abambo a Felesta ndi ya magiya, amayi. Sindinaigwirepo. Ndinawapempha chaka chatha, anati ndiwononga."

Pakona wina anatsokomola chobisa kuseka. Lamson anatembenukira kumeneko, kenako kwa mkazi wake.

"Ndiye mwafuna mundichititse manyazi pamaso pa anthu?"

"Ayi. Ndayankha zimene andifunsa."

"Ntchito ya ku msikayo ndinavomera liti?"

"Simunavomere, simunakane. Munati tidzaona. Lendi ikakwera mumatinso tidzaona."

"Mukatuluka ndi galimoto iyo, amayi akaimba foni musayembekeze kuti ndikuikirani kumbuyo."

Tithokoze anali akadali chogwada. Mawondo ankamupweteka chifukwa cha matailosi. Anaganiza za apongozi ake ku Mitundu, amene anali atataya mwana wamkazi yekhayo, ndipo akadzamva nkhaniyi adzaimva yokometseredwa kale.

"Pepani, amayi," anatero kwa Mayi Msaiwale. Anaimirira, ananyamula Felesta ndi thumba la matewera, n'kulowera ku galaja. Mwamba anamutsatira akuyenda chammbali ngati wolakwa.

Kampando ka mwana kanali kumbuyo, komanga kale. Tithokoze anamangirira Felesta, anamata zikwangwani za wophunzira kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuliza injini. Lamson anali ataima pachitseko cha galaja, manja m'thumba. Galimoto itayamba kubwerera pang'onopang'ono, anakweza dzanja. Tithokoze anaponda buleki. Lamson anawerama, ananyamula katoni ya mabuku imene inali kuseri kwa tayala, n'kukaiika pamwamba pa masutikesi. Sanamuyang'ane. Anabwerera m'nyumba.

Tithokoze analowa mumsewu. Mwamba ankangoti, "Kumanzele apa," kapena, "Chepesako, mami, sitili pa mpikisano."

Woyesa anali mayi wa tsitsi la imvi, wosaseka. Mwamba anatsala panja ndi mwana. Tithokoze anayendetsa momwe anaphunzirira: kuyang'ana m'magalasi, kutembenuza khosi, kudikira mpaka msewu utayera. Pobwerera chammbuyo kulowa pakati pa magalimoto awiri, tayala silinakhudze mwala wa m'mbali. Atabwerera pamalo oyambira, mayi uja anati wakhoza, kungoti asamagwire chiwongolero ngati chikufuna kumuthawa. Tithokoze analowa muofesi kukamaliza za mapepala, n'kutuluka.

Tithokoze anakhala pampando, analiza injini, n'kukodola Mwamba.

"Tiyeni msanga. Nyemba zija palibe amene waziteleka."

Mwamba sanatsegule chitseko. Anazungulira n'kutsamira pazenera, Felesta ali m'chiuno.

"Kuli na chinangu chamene bananiuza ba Rejoice. Ati olo apase, olo afeluke, osangena mu motoka pamene apo. Ati utenge mwana, uyende naye uko ku mashopu, umugulileko ka ayisikilimu. Mulamu wanga umusiye yeka. Ati kuchokela pamene anafika mu Perth sanankaleko yeka olo kamozi."

"Nanga ndizichita chiyani muno?"

"Naine n'nabafunsa. Ati izo ni zake."

Anatembenuka n'kumapita, Felesta akumukoka ndolo.

Tithokoze anawayang'ana m'galasi mpaka anakhota. Anafuna kuwaitana, koma anazimitsa injini. M'galimoto munali zii, moti ankamva kupuma kwake. Poti analibe china chochita, anayamba kuona chimene tsikuli lamudyera. Lamson sadzamuyankhula mpaka ndege itanyamuka, mwina kupitirira. Apongozi adzaimba, ndipo adzalira pafoni. Amayi a mvano adzadya mpunga wake osamuyang'ana kumaso. Ku Mitundu dzina lake lidzakhala la mkazi amene anayendetsa galimoto ya malemu maliro ali m'nyumba, ndipo limenelo silidzachoka. Galimoto yeniyeniyo akuluakulu akhoza kuipereka kwa wina, iye n'kuyamba kufunafuna ina. Mafuta amene wawotcha adzathiramo. Nyemba zichedwa.

Zonse zinali zimenezo. Anachotsa manja pa chiwongolero, anawaika pamiyendo, n'kutsamira.