Zimene Wynand Anafufuta pa Bolodi

"Tayi imeneyo wamanga ngati ukupita kukaika maliro," anatero Hendrien uku akuviika beskuit, buledi wouma uja, mu khofi. "Tabwera kuno ndikukonze, mdala iwe."

Wynand Esterhuizen anakaima pamaso pa mkazi wake ngati mwana wa sukulu. Jekete inali itamuthina m'khwapa. Anaivala komaliza tsiku limene ankatsanzika ku yunivesite, zaka zoposa khumi m'mbuyomo, ndipo tsikuli ankabwerera komweko kukapempha ntchito ya uphunzitsi.

"Akakakufunsa kumene unali zaka zonsezi, ukayankha kuti chiyani?"

"Ndinkagwira ntchito ya boma."

"Basi?"

"Basi."

"Ngakhale wokolopa ku positi ofesi amagwira ntchito ya boma, Wynand. Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

Wynand anangokoka jekete yake kuti ikhale bwino. Kusayankha ndiye ntchito imene ankaidziwa kuposa munthu wina aliyense mu Pretoria muno.

Ndinene ndine, neba wake, pakuti mwini wake sakananena. Wynand anali katswiri wa kemisitiri, koma osati ya mabotolo ndi utsi ayi. Yake inali ya choko ndi masamu. Ankatha kukhala pansi n'kuwerengera mmene chitsulo chingachitire m'kati mwake chikapanikizidwa koopsa. Ali mnyamata, aphunzitsi ake ankati uyu dzina lake lidzamveka mpaka kutsidya kwa nyanja. Ndiye kunabwera amuna ovala masuti, n'kumutengera kuseri kwa phiri, kumadzulo kwa mzinda, kumene boma la azungu linkapanga mabomba a nyukiliya mwakabisira. Anamulumbiritsa kuti sadzauza munthu, kaya mkazi wake, kaya abusa. Kumeneko pepala silinkatuluka pachipata. Panalinso lamulo lina lakuti chitseko chikangotseguka, ufufute zonse zili pa bolodi usanaone n'komwe amene akulowa. Obwera kumene ankaliseka lamuloli, koma chaka chisanathe dzanja linkangochita lokha.

Kenako mphepo inatembenuka. Andende a ndale anatulutsidwa, boma linayamba kukambirana ndi anthu amene dzulo linkawatcha zigawenga, ndipo kuseri kwa phiri kunafika mawu akuti mabomba aphwasulidwe, mapepala onse awotchedwe. Wynand anaima chilili akuonerera masamu ake onse akulowa m'ng'anjo. Anamupatsa wotchi, anamugwira chanza, n'kumukumbutsa kuti ntchito yatha koma lumbiro silinathe. Ife aneba tinadzazimva zonsezi pa wailesi patapita nthawi. Mmawa umenewo ngakhale Hendrien ankangoganizira chabe.

"Fanie waimbanso dzulo," anatero Hendrien. Fanie anali mlongo wake, mwini shopu ya mankhwala othira m'madamu osambiramo. "Akuti malo akadalipo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo."

"Ine ndizikagulitsa mankhwala a m'madamu? Ine?"

"Mankhwala ndi mankhwala. Si iwe dokotala wake?"

"Usaseke, Hendrien. Zaka makumi asanu ndadutsa. Khomo la lero likatsekeka, kemisitiri ndasiyana nayo mpaka kumanda."

Hendrien anasiya kuseka. Anamukonzera kolala, n'kumupatsa makiyi a galimoto.

Ku yunivesite anamulandira ndi Barend Oosthuizen, mkulu wa aphunzitsi a kemisitiri. Awiriwa anaphunzira limodzi, ndipo masiku amenewo Barend ankakhoza mayeso chifukwa chokhala pafupi ndi Wynand.

"Ha! Akufa auka!" anafuula Barend. "Ife tinkati unadyedwa ndi mikango. Koma mimbayi, boma lakudyetsa ndithu."

"Nanga iwe tsitsi linapita kuti?"

"Anadya ndi ophunzira. Tamvera, m'bale wanga." Barend anatsitsa mawu. "A komiti akufuna kuona zimene walemba zaka zonsezi, ndipo palibe ngakhale tsamba limodzi. Ndawauza kuti, siyani za mapepala, mudzamuone munthuyu ali pa bolodi. Ndiye lero uphunzitse ngati kale. Ukaipa dziwa nyimbo."

M'chipinda munadzaza ophunzira, ndipo a komiti anakhala kumbuyo atapinda manja. Wynand anayamba bwinobwino, koma ankaphunzitsa zimene anazisiya tsiku limene anachoka. Nanga akanatani? Zatsopano zonse zimene ankadziwa zinali za kuseri kwa phiri. Ophunzira anayamba kuyasamula. Wina anatulutsa nyuzipepala n'kumawerenga za mpira pansi pa desiki. Barend ankangoyang'ana nsapato zake.

Kenako mkono unakwera kutsogolo. Anali Dokotala Moodley, mayi wachitsikana wa ku Durban amene anali atangobwera kumene kuchokera ku England, ndipo anali mmodzi wa a komiti.

"Pepani, Dokotala Esterhuizen," anatero mwaulemu, "koma njira imeneyi anthu anaisiya kalekale. Imagwira zinthu zikakhala phee. Chitsulo chikapanikizidwa kwambiri, masamu amenewa amagwa chagada. Ndipo pamenepo palibe amene wapeza podutsira."

"Palibe?"

"Palibe. Ku England tayesa, ku America ayesa. Ndimangoti mwina simunamve, poti mwakhala kutali."

Kumbuyo wina anaseka chapansipansi.

Apa ndi pamene kunyada kunamugwira Wynand, ndipo ine sindimuweruza. Munthu wakhala zaka zonsezo akumeza mawu, akuonedwa ngati kalaliki wamba, lero mwana wadzulodzuloli azimuuza kuti sanamve? Anangotembenuka, n'kupita kumene bolodi linali losalembedwa, n'kuyamba kulemba.

Abale, munthu uja ankalemba! Choko chinkalira pa bolodi ngati mvula pa malata. Jekete yothina ija anaiiwala, zaka zake anaziiwala. Mzere unkabala mzere unzake, ndipo pamene aliyense ankadikira kuti masamu agwe, iye anangokhota pang'ono n'kudutsa. Nyuzipepala ija inagwa pansi. Dokotala Moodley anaimirira osadziwa kuti waimirira, n'kumasendera kutsogolo kukamwa kuli yasa. M'chipinda monse palibe amene anakumbuka zokopera. Barend anayang'ana anzake a komiti uku akumwetulira, ngati akuti, ndinakuuzani ine.

Wynand anali atatsala pang'ono kufika pansi pa bolodi pamene chitseko chinalira. Anali wophunzira wina amene anasochera chipinda, ndipo anangosuzumira n'kubwerera. Koma dzanja lamanzere la Wynand linali litatola kale dasitala. Kuphethira kumodzi, bolodi lonse linali lakuda bii, fumbi la choko likutsika pang'onopang'ono.

"Mayo!" anakuwa Dokotala Moodley. "Mwachita chiyani?"

Wynand anayang'ana dasitala ili m'manja mwake. Apa m'pamene anazindikira zimene anali atalemba. Unali mtima weniweni wa ntchito ija inapsa m'ng'anjo.

Barend anaseka mokweza kuti aphimbe manyazi. "Musadandaule, anthuni, ndi mmene alili mnzangayu. Ukhondo wachuluka! Lembanso, Wynand."

Wynand sanasunthe.

"Lembanso, m'bale wanga. Ndikunena pamaso pa komiti yonse, ukalemba zimene zija ntchito ndi yako. Alipo akutsutsa?"

Panalibe wotsutsa.

"Chonde, Dokotala," anatero Dokotala Moodley, ndipo tsopano mawu ake anali opempha. "Pakati paja, pamene munakhota paja, ndinaona koma sindinagwire. Ndatha zaka ndikufunafuna chimenechi. Munazitenga kuti?"

Choko chinali chikadali m'dzanja lake lamanja. Masamu onse anali m'mutu, owala ngati dzina la mwana wake. Akanatha kuwalemba atatsinzina. Koma ankadziwa lumbiro lake, ankadziwa ndende imene imadikira ophwanya lumbirolo, ndipo kuposa zonse ankadziwa ntchito ya masamu amenewo. Ndiwo ankauza munthu mmene angafinyire chitsulo kuti mzinda wathunthu upse. Anayang'ana nkhope za ana aja, onse atatulutsa zolembera tsopano, akudikira.

"Ndaiwala," anatero.

"Mwaiwala zimene mwalemba pompano?"

"Ndaiwala. Mwinanso zinali zolakwika. Ndi ukalamba, mayi."

Anaika choko pansi bwinobwino. Ophunzira anayang'anizana, wina anaphulika n'kuseka, ena n'kutsatira. Dokotala Moodley yekha sanaseke. Anabwerera pampando wake akupukusa mutu.

Barend anamupeza pamalo oimika magalimoto akulimbana ndi kiyi.

"Wandivula pagulu, Wynand."

"Pepa."

"Pepa wako ndikamudya? Ena akuti mutu wako unasokonekera, ena akuti unangoloweza za munthu wina ndipo zakuthawa. Ndipatse mawu amodzi okha oti ndikawauze. Amodzi! Unali kuti?"

"Ndinkagwira ntchito ya boma."

"Boma lake liti? Boma limenelo likulongedza katundu, aliyense akuona. Ine si mwana, ndikutha kuganiza kumene unali. Ukulondera khola lopanda ng'ombe, m'bale wanga."

"Mwina."

"Ndiye tiye tibwerere. Anthu sanabalalike. Bolodi lilipo, choko chilipo."

Wynand anatsegula chitseko cha galimoto n'kukhala pansi. Barend anadikira, anadikiranso, kenako anamenya denga la galimoto ndi chikhatho mopanda mphamvu.

"Ukampatse moni Hendrien," anatero, n'kubwerera yekha.

Hendrien anali kukhitchini akusenda mbatata. Sanafunse kuti zayenda bwanji, nkhope inali itanena kale. Anapukuta manja, n'kuyamba kumukuntha fumbi la choko pa jekete.

"Wawauza?"

"Ayi."

"Nanga ine undiuza?"

Wynand anayang'ana pawindo.

"Ana athu akula osadziwa ntchito ya bambo awo," anatero Hendrien. "Kusukulu akafunsidwa ankati, Pa amapita mmawa, amabwera madzulo. Ine kutchalitchi azimayi ankandinong'oneza kuti mwina uli ndi banja lina. Zikanakhala choncho bwenzi zili bwino, ndikanadziwa woti ndimutukwane. Sindikukwiya, Wynand. Ndatopa basi."

Wynand anavula jekete ija, anaipinda, n'kuiika pampando. Mtima unkamuwawa kwambiri, koma ngakhale zimenezo sanadziwe ponenera.

"Umuimbire Fanie," anatero. "Umuuze ndiyamba Lolemba."

Ntchito ya ku yunivesite anapatsa mnyamata wina wa mapepala ambiri. Pamene boma linadzaulula pa wailesi za mabomba aja, ena tinkati basi, tsopano Wynand apuma, amuitana. Koma ndani akanafuna wopanga mabomba a boma lakale? Ndipo lumbiro lake palibe amene anabwera kudzalimasula.

Ine mankhwala a damu langa ndimagula kwa Fanie. Wynand amakhala kuseri kwa kauntala, amalandira kabotolo ka madzi a m'damu lako, amadonthezamo mankhwala, n'kukuuza kuti uthire makapu angati. Salakwitsa. Mu shopumo muli kabolodi kolembapo mitengo ya katundu, ndipo poyamba Fanie anamupatsa Wynand ntchito imeneyo poona kuti amalemba mokongola. Sabata isanathe anamulanda choko, chifukwa kasitomala akangotsegula chitseko, mitengo yonse inkafufutika.