Jezi ya Osward

Anthu akandifunsa za chaka chimene timu yathu ya basiketibo ya pakoleji inatsala pang'ono kutenga chikho, ndimangoti tinaluza ku Ndola ndi mapointi awiri, basi. Sindikonda kupitirira pamenepo. Koma lero ndinena zonse, chifukwa kukhala chete nakonso kwanditopetsa.

Ine ndine Masauso, ndipo ndinali kaputeni. Ukaputeni wa pakoleji yathu ku Kitwe usakunamizeni, si ulemu wokhawokha ayi. Kaputeni ndiye amatolera majezi masewero akatha, n'kupita nawo kwawo kukachapa. Ndinkanyamula thukuta la amuna khumi ndi awiri m'chikwama chimodzi kuchoka pabwalo mpaka kwathu ku Parklands, ndipo m'minibasi azimayi ankatsegula mawindo osandiuza chifukwa.

Ligi tinaiyamba moipa. Pa masewero anayi oyamba tinapambana amodzi okha, mwamwayinso. Kochi wathu, a Joel, mawu anawathera pa ife. Amene ankatichotsako manyazi anali Osward, wovala nambala 9, wa ku Bulangililo, mu Kitwe momwemo. Anali wamtali ngati mtengo wamagetsi, wosalankhulalankhula, ndipo mpira ukafika m'manja mwake tonse tinkapuma. Makolo ake anachokera ku Katete kalekale, bambo ake anagwira ntchito mumgodi mpaka tsiku lawo lomaliza, mayi ake ankagulitsa masamba pamsika. Asanaponye mpira wa chilango ankachita chizindikiro cha mtanda, ife n'kumamuseka kuti, "Abambo mfumu, ponyani, Misa yatha!" Iye ankangomwetulira, mpira n'kulowa.

Loweruka lina mu June tinasewera kwathu, ndipo Osward yekha anagoletsa mapointi 26. Tinapambana. Jezi yake inali itanyowa ngati yagwera m'ngalande, choncho ndinaikulunga m'pepala la pulasitiki payokha n'kuiika m'kathumba kam'mbali ka chikwama kuti isanyowetse zinzake. Lamulungu ndinachapa majezi onse, iyo n'kuiiwala momwemo.

Lolemba m'mawa lole inamugunda akupalasa njinga kubwera kukoleji. Sanafike naye kuchipatala ali moyo.

Za maliro sindinena zambiri. Tinanyamula bokosi ife a timu, ndipo linali lalitali moti linavuta kutuluka pakhomo. Ndinalira ngati mwana, sindibisa. Patapita sabata, ndikukonza chikwama kuti tibwerere kubwalo, dzanja langa linagunda pepala lija. Ndinakhala pansi pomwepo.

Nditaionetsa kwa anzanga, Terence, amene ankasewera pakati, ndiye anabwera ndi nzeru. Anati matimu akunja amene timawaonera pa TV akaferedwa amaika jezi ya mnzawo pampando, kuti nayenso aziona masewero. Tinatenga mpando wapulasitiki n'kuuika kumapeto kwa benchi, jezi n'kuiyala pamwamba, nambala 9 ikuyang'ana kubwalo. Tsiku limenelo tinapambana. Loweruka lotsatira tinapambananso.

"Mune, mnzanga, jezi iyi isakhudze madzi," anatero Terence. "Ukaichapa, mwayi wathawa."

Ndinamvera. Masewero akatha ndinkaibwezera m'pepala lake n'kumanga zolimba. Tinapambana masewero asanu ndi limodzi otsatizana, ife omwe aja a manyazi! Anthu anayamba kudzaza bwalo. Aliyense wolowa kukasewera ankayamba wagwira kaye mpandowo, ngakhale amene sapemphera n'komwe. Pofika mu August tinali mu semifainolo, ndipo anatiika kukasewera ku Ndola Loweruka pa 14 awazi, 2 koloko masana.

Lachitatu la sabata imeneyo, tili pa maphunziro a mpira, ndinaona mtsikana wovala chitenje chakuda ataima kuseri kwa waya. Anali Fridah, mlongo wake wa Osward. Ndinapukuta nkhope n'kupita kukamupatsa moni.

"A Masauso, amayi andituma," anatero. "Atsibweni afika dzulo kuchokera ku Katete. Loweruka m'mawa tigawa zovala za achimwene."

"Ambuye akulimbitseni," ndinatero ine, osadziwa kuti nkhani ikubwera kwa ine.

"Akuti mubweretse jezi ija."

Ine ndinabadwira m'tauni, atate anga ndi a muofesi, ndipo miyambo iyi ndinkangoimvera kutali. Fridah anandifotokozera modekha. Zovala za malemu zimasonkhanitsidwa zonse, osasiyako n'chimodzi chomwe, atsibweni n'kuzigawa kwa abale. Zikapanda kugawidwa, maliro sanathe. Amayi sangavule zakuda, sangabwerere kumsika, nyumba imakhalabe ya maliro.

"Azakhali anachapa zonse Lolemba," anapitiriza. "Malaya, mathalauza, masokosi, ngakhale bulangete limene ankafunda. Amayi anali kutchalitchi, anapeza zili pachingwe. Chichokereni tsiku limenelo sakudya bwino. Amangofunsa za jezi."

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati jezi ndi katundu wa koleji, sindingaipereke popanda chilolezo. Ine, Masauso, mwana woleredwa ndi anthu, ndinauza mlongo wa mnzanga wakufa za katundu wa koleji! Fridah anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Pemphani chilolezocho," n'kutembenuka.

Chilolezo sichinavute konse. A Joel atamva, sanaganize kawiri.

"Kapereke mawa lomwe," anatero. "Si yathu. Mpira timasewera ndi manja, osati ndi mpando."

Koma a Joel atachoka, anyamata anandizungulira. Terence maso anali ofiira. Anati Osward anafuna chikho chimenechi kuposa tonsefe, ndiye timusiye bwanji pakhomo pa tsiku lalikulu? Wina anati tsiku limodzi lokha silingaphe munthu, zovala sizithawa. Ndikanakonda kunena kuti anandikakamiza, koma lingakhale bodza. Inenso mumtima ndinkaopa kulowa m'bwalo la ku Ndola mpando uli wopanda kanthu. Lachisanu Fridah atandiimbira, ndinamuuza kuti ndifika m'mamawa ndisanakwere basi. Loweruka m'mawa ndinazimitsa foni n'kukwera basi ya timu, jezi ili m'chikwama.

Bwalo la ku Ndola linali cha kufupi ndi msika wa Masala, ndipo anthu a kumsika anabwera ambiri kudzatikuwiza. A Joel ataona ndikuyala jezi pampando, anandiyang'ana kamodzi kokha. Kuyang'anako kunandiwawa kuposa kufuula kwawo konse kwa chaka chathunthu.

Tinasewera bwino, sindinama. Popita kopuma tinali patsogolo ndi mapointi asanu ndi atatu. Koma m'chigawo chachitatu Terence analakwira kachisanu ndipo woimbira anamutulutsa, a timu inayo n'kuyamba kutola mipira yonse yobwerera pansi pa ring'i. Ine maso anga ankangothawira kumpando. Ndikayang'ana nambala 9 ija, m'malo moona Osward ndinkaona anthu atakhala pamphasa ku Bulangililo akuyang'ana kumsewu. Kutatsala masekondi asanu, iwo ali ndi 61 ife 59, mpira unabwera kwa ine ndili ndekhandekha pakona. Ndinaponya. Unagunda chitsulo n'kudumphira kunja.

Tinakwera basi kubwerera ku Kitwe. Nditayatsa foni ndinapeza Fridah anaimba kasanu ndi kawiri, ndi uthenga umodzi: "Atsibweni agawa zina zonse koma amayi akana kuti mwambo utsekedwe. Anthu agonanso. Tikudikira jezi."

Lamulungu m'mawa ndinamasula pepala lija kuseri kwa nyumba yathu. Abale inu, miyezi iwiri chovala cha thukuta chili chomangidwa m'pulasitiki! Fungo linandimenya m'mphuno mpaka ndinabwerera m'mbuyo. M'khosi munali mutada, m'khwapa muli mizere yoyera ya mchere, kutsogolo kuli fumbi la mabwalo onse amene tinaiyendetsa. Manyazi anandigwira. Ndawanamiza, ndawagoneka anthu akuluakulu tsiku lina pamaliro, ndiye ndiwapititsirenso chinthu chonunkha chonchi, ngati kwathu kulibe sopo? Ndinati ayi, cholakwa chimodzi chakwana.

Ndinaiviika m'madzi otentha. Ndinaichapa ndi sopo waufa, ndinatsukuluza, ndinachapanso kachiwiri, m'khosi ndi m'khwapa ndikupukusa ndi zala mpaka zinafiira. Pomaliza ndinathirako mankhwala onunkhiritsa zovala amene amayi anga amabisa m'kabati. Mphepo ya August inaiumitsa msanga. Ndinaipinda bwinobwino n'kuiika m'pepala latsopano, ndipo kunena zoona, m'minibasi yopita ku Bulangililo ndinkamva ngati ndakonzako penapake.

Ndinafika anthu atangobwera ku Misa. Panja pa nyumba panali azibambo pamabenchi, zikwama zawo zapaulendo zili pambali, zomangamanga kuyambira dzulo. Pakati pawo panali mkulu wa imvi wovala jekete lakuda. Amenewo ndiwo anali atsibweni, a Samson. Ndinagwada patali pang'ono n'kuomba m'manja.

"Ndiwe wa mpira uja?" anafunsa.

"Ndine, bambo."

"Unapambana?"

"Ayi, bambo. Tinaluza."

"Ehe. Basi yanga ya ku Katete yapita dzulo. Mlongo wanga sanalawe kanthu chiyambire Lachisanu. Iwe uli ku Ndola kuyendetsa mwana wathu m'chikwama ngati nkhuku yogulitsa. Kusukulu kwanuko amakuphunzitsani zimenezi?"

Ndinapepesa maso ali pansi. Anapukusa mutu n'kuloza pakhomo ndi chibwano.

"Lowa. Umupatse m'manja mwake, ndi mmene wafunira."

M'nyumba munali azimayi atakhala pansi motsamira makoma. Fridah ananditsogolera kuchipinda chaching'ono chimene Osward ankagona. Munalibe kanthu, bedi lili mbee, misomali ya pakhoma yopanda chokolekapo. Amayi ake anakhala pamphasa pakona, atavala zakuda, ndipo anali atachepa thupi moti ndinachedwa kuwazindikira. Atangoona pepala m'manja mwanga anatambasula manja onse awiri.

"Mwabwera nayo, mwanawanga?"

"Ndabwera nayo, amayi. Mundikhululukire."

Za kukhululuka sanazimve n'komwe. Anang'amba pepala, anaitambasula jezi ija, n'kuiphimba kunkhope. Anakoka mpweya wautali. Anakhala choncho kanthawi, kenako anaitembenuza n'kuika mphuno m'khosi. Anasuntha n'kufika m'khwapa, uku ndi uku. Anaitembenuzira kunja kukhala mkati n'kuyambiranso, mofulumira tsopano, ngati munthu wofufuza chinthu chimene akudziwa kuti anachisiya pomwepo.

Apo m'pamene ndinamvetsa. Zovala zonse zinachapidwa iwo kulibe. Chinatsala chimodzi chokha padziko lonse chimene mwana wawo anavula pathupi pake chosakhudza madzi, ndipo chinadikira miyezi iwiri m'chikwama changa mpaka m'mawa wa tsiku lomwelo.

Anatsitsa jezi pamiyendo n'kundiyang'ana.

"Mwachapa?"

"Ee, amayi," ndinatero. "Kawiri."

Fridah anatembenukira kukhoma n'kugwira pakamwa. Ndinkafuna amayiwo anditukwane, andimenye ndi jeziyo kumaso, aitane anthu andithamangitse. Sanatero. Anaisalaza ndi chikhatho, anaipinda mmene ndinaipindira ine, m'mbali mofanana.

"Zikomo, mwanawanga. Mwachapa bwino."

Anadzuka pogwira khoma, anatuluka nayo panja ine ndikutsatira pambuyo, ndipo anaiika pamiyendo pa a Samson.

"Achimwene, tsekani mwambo, anthu azipita. Mupatse aliyense amene akuifuna. Mwana wanga mulibemo."

A Samson anainyamula m'mwamba n'kuyamba kutchula mayina a abale mmodzimmodzi. Palibe anatambasula dzanja.